Nyama Zakutchire Zowetedwa M'nyumba: Matenda Amene Makanema a pa Intaneti Sakuonetsani

Pa TikTok, Instagram, YouTube ndi Facebook pachuluka makanema a anthu otchuka akusewera ndi nyama zakutchire m'nyumba zawo. Wina wamuveka thewera pusi wakhanda n'kumamuyamwitsa mkaka wa m'botolo. Wina akusambitsa katumbu m'bafa, wina akupsompsona kanungu pamphuno, wina wadzikoleka nsato m'khosi. Kanemayo satenga ngakhale mphindi imodzi, koma amaonedwa ndi anthu miyandamiyanda, ndipo ambiri mwa iwo amatsala akufunsa kumene angakagule kanyama kotero.

Uthenga uno ndi wa makolo, aphunzitsi, achinyamata ndi aliyense amene akuganiza zoweta nyama yakutchire kapena amakhala ndi munthu amene akuiweta. Wojambula kanema amasankha zoti muone. Sajambula ndowe pakapeti, sajambula bala la mano padzanja lake, ndiponso sajambula njira imene nyamayo inadzera kuchoka kuthengo kufika pasofa. Matenda ambiri amakhala m'zinthu zitatu zimenezi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ulendo wa bwampini mu 2003

Mu April 2003, tinyama pafupifupi 800 tinanyamulidwa kuchokera ku Ghana kupita ku Texas m'dziko la America kuti tikagulitsidwe ngati ziweto za m'nyumba. Pakati pa tinyamato panali abwampini a mtundu wa kumadzulo kwa Africa, achibale a bwampini amene timamudziwa kuno. Ena mwa iwo anakafika kwa wogulitsa ziweto wina ku Illinois, amene anawasunga pafupi ndi tinyama ta mtundu wa agologolo tokhala m'mauna, totchedwa prairie dog. Tinyama tina ta ku Africa tija tinali ndi kachilombo ka mpox, matenda otulutsa matuza pakhungu. Tinapatsira ma prairie dog, ndipo ma prairie dog anagulitsidwa kwa mabanja osiyanasiyana.

Mmodzi mwa oyamba kudwala anali mtsikana wa zaka zitatu wa ku Wisconsin amene analumidwa ndi kachiweto kake katsopanoko. Pofika kumapeto kwa mliriwo, anthu 47 m'zigawo zisanu ndi chimodzi anali atapezeka kapena kuganiziridwa kuti ali ndi mpox, ndipo aka kanali koyamba kuti matendawa agwire anthu kunja kwa Africa. Palibe anamwalira, koma mu June chaka chomwecho boma la America linaletsa kulowetsa m'dzikomo makoswe ndi tinyama tina ta mtundu umenewu tochokera ku Africa. Chofunika kuchiona apa n'chakuti ogulawo sanaoneko bwampini ngakhale mmodzi. Iwo anagula kanyama ka kwawo komweko, kooneka bwinobwino. Malonda a nyama zakutchire amasonkhanitsa m'chipinda chimodzi nyama zimene kuthengo sizikanakumana, zili zanjala, zamantha ndi zofooka, ndipo tizilombo timapeza mpata wodumpha kuchoka kwa iyi kupita kwa iyo.

Mpox imayamba ndi kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi ndi mwanabere, kenako pakhungu pamatuluka matuza okhala ndi madzi kapena mafinya. Zizindikiro zimatha kuoneka patapita masabata ofika atatu. Masiku ano anthu ambiri amaitenga kwa anthu anzawo pokhudzana khungu ndi khungu, koma nyama zikadali njira ina.

Anyani ndi apusi

Palibe nyama imene imakopa anthu m'makanema ngati mwana wa pusi, ndipo palibenso imene timapatsirana nayo matenda mosavuta ngati iyeyu, chifukwa matupi athu ndi ofanana kwambiri. Mu 1967 apusi ochokera ku Uganda anapititsidwa kumalo a kafukufuku ku Marburg ndi Frankfurt m'dziko la Germany komanso ku Belgrade. Anthu 31 anadwala, 7 n'kumwalira, ndipo kumeneko n'kumene kunachokera dzina la matenda a Marburg.

Anyani a ku Asia otchedwa macaque, amene ndi omwe amaoneka kwambiri atavekedwa madiresi m'makanema a pa YouTube, amakhala ndi kachilombo kotchedwa herpes B. Kwa iwo kachilomboka sikachita zambiri, mwina timatuza pakamwa basi. Kakalowa mwa munthu kamagwira ubongo ndi mitsempha ya mumsana, ndipo odwala ambiri amene sanalandire mankhwala msanga amamwalira. Matendawa sagwira anthu kawirikawiri, koma safunanso bala lalikulu. Mu 1997 mtsikana wina wogwira ntchito pamalo ofufuzira za anyani pafupi ndi mzinda wa Atlanta ku America anamwalira atangogweredwa m'diso ndi madzi ochokera m'thupi mwa nyani. Ameneyo anali munthu wophunzitsidwa ntchito yake. Nanga mwana wa zaka zisanu amene akugona ndi nyani pabedi limodzi?

Apusi ndi anyani a kuno alibe herpes B, koma amatha kukhala ndi chifuwa chachikulu, njoka za m'mimba, tizilombo toyambitsa kamwazi ndi kutsekula m'mimba, ngakhalenso chiwewe. Ifenso timawapatsira chikuku ndi TB. Chinanso chimene kanema sanena n'chakuti pusi amakula. Akafika zaka zinayi kapena zisanu amakhala ndi mano aatali akuthwa, safunanso kugwiridwagwiridwa, ndipo amayamba kuluma ofooka a pakhomopo, makamaka ana. Mathero ake n'kumangidwa unyolo m'chiuno patsinde la mango, unyolowo n'kumadya mnofu. Ambiri mwa apusi amene amasamalidwa ku Lilongwe Wildlife Centre anachokera m'makomo mwa anthu ndi m'manja mwa ogulitsa m'mbali mwa misewu. Ndipo dziwani kuti mayi wa pusi sapereka mwana wake mwaufulu. Kuti khanda lipezeke pamsika, kawirikawiri mayiyo amakhala ataphedwa.

Akamba, abuluzi, njoka ndi akanungu

Nyama zokwawa zimasunga tizilombo ta Salmonella m'matumbo mwawo popanda kudwala. Tizilomboti timatuluka m'ndowe n'kumatirira pakhungu, pachigoba, m'madzi a m'beseni ndi paliponse pamene nyamayo yadutsa. Kuisambitsa sikuthetsa vutoli. Boma la America linaletsa kugulitsa akamba ang'onoang'ono, a chigoba chosafika masentimita 10, kuyambira mu 1975, chifukwa ana ankawaika mkamwa n'kumadwala. Mu 2019 bungwe loona za matenda la CDC la dziko lomwelo linachita kuchenjeza anthu kuti asiye kupsompsona ndi kufungatira akanungu, anthu m'zigawo zingapo atadwala Salmonella.

Munthu amayamba kutsekula m'mimba, nthawi zina kwa magazi, kutentha thupi ndi kupotokola m'mimba patapita maola 6 mpaka masiku 6. Ambiri amachira m'masiku 4 mpaka 7 akamamwa madzi ambiri ndi thanzi ORS. Koma kwa mwana wosakwana zaka zisanu, agogo okalamba, mayi woyembekezera ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, monga amene ali ndi HIV kapena akulandira mankhwala a khansa, tizilomboti timatha kulowa m'magazi n'kupha. Pakhomo pamene pali anthu oterewa pasamakhale chokwawa choweta ayi.

Zinkhwe zilinso ndi zake. Ndowe zake zikauma zimasanduka fumbi, ndipo wolipuma angadwale psittacosis, imene imayamba patatha masiku 5 mpaka 14 ndi kutentha thupi, mutu waukulu ndi chifuwa chouma, mwinanso n'kusanduka chibayo. Mankhwala ake alipo, koma adokotala sangawaganizire ngati simunawauze kuti kunyumba kuli mbalame.

Mbali ya ife oonera

Mu 2009 pa YouTube panatchuka kanema wa slow loris, kanyama ka ku Asia ka maso akuluakulu kofanana ndi changa, kakukwezera manja m'mwamba pamene mwini wake akukagirigisha. Anthu anati kakusangalala. Akatswiri a nyamazi, monga Anna Nekaris amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Oxford Brookes, anafotokoza kuti kukweza manja kotero n'kudziteteza. Kanyamaka kali ndi ululu m'mikono mwake umene kamanyambita n'kusakaniza ndi malovu kasanalume, ndipo munthu wolumidwa amatha kutupa mpaka kubanika. Pofuna kuti kasamalume ogula, ogulitsa amakadula kapena kukazula mano ndi pulayazi popanda mankhwala opha ululu, ndipo tambiri timafa ndi mabala a mkamwa tisanagulidwe n'komwe. Kanyamaka kamayenda usiku, choncho magetsi owala a m'chipinda chojambuliramo amakapweteka maso. Malonda a slow loris pakati pa mayiko anali ataletsedwa kale mu 2007 pansi pa pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire lotchedwa CITES.

Mu 2013 woimba Rihanna anaika pa Instagram chithunzi atanyamula slow loris ku Phuket m'dziko la Thailand, ndipo apolisi anamanga anthu awiri amene ankayenda ndi tinyamato kuti alendo azijambulitsa nato. Chaka chomwecho pusi wa woimba Justin Bieber analandidwa pabwalo la ndege la Munich chifukwa analibe zikalata, kuphatikizapo za zaumoyo. Akatumbu ang'onoang'ono a ku Asia atatchuka m'makanema ndi m'malo omwera khofi ku Japan, ozembetsa anachuluka mpaka mu 2019 nawonso anaikidwa m'gulu la nyama zoletsedweratu kugulitsa kunja. Zinkhwe zotuwa za ku Africa zinalowa m'gulu limeneli mu 2016 pamsonkhano wa CITES ku Johannesburg.

Munthu wotchuka pa masamba a mchezo amadya ndalama za otsatsa malonda, ndipo ndalamazo zimabwera malinga ndi kuchuluka kwa oonera. Makina a masambawa sasiyanitsa amene waonera mokondwa ndi amene waonera mokwiya. Ngakhale mutalemba mawu odzudzula pansi pa kanemayo, mwamukankhira kwa anthu ena ambiri. Choncho musasheye, musalembepo kanthu, ingodinani pamene pali mwayi wochitira lipoti. Chenjeraninso ndi makanema onamizira kupulumutsa nyama, amene kamwana ka nyani kamapezeka katakodwa kapena katazingidwa ndi njoka, kamera ili kale chire. Malo enieni osamalirako nyama salola alendo kuzinyamula, saziveka zovala ndipo sazigulitsa.

Ku Malawi, lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 likuti kusunga, kugula kapena kugulitsa nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo pa nyama zina monga ngaka chilango chimatha kufika zaka 30 kundende. Kugula kamwana ka pusi pamsewu chifukwa cha chisoni kumangopatsa wogulitsayo mphamvu yokagwira kena.

Mukalumidwa, kukandidwa kapena kulavuliridwa

Tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu. Yang'anani pa wotchi, chifukwa mphindi 15 n'zambiri kuposa mmene zimamvekera. Ngati malovu agwera m'maso kapena mkamwa, tsukuluzani ndi madzi aukhondo okhaokha kwa mphindi 15 zomwezo. Musathirepo mchere, tsabola, phulusa kapena mankhwala azitsamba, ndipo musamange balalo mothina.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale laling'ono ngati kukanda kwa minga. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse. Ambiri amachitenga kwa agalu, koma nyama iliyonse yoyamwitsa ingakhale nacho: nkhandwe, msulu, mleme, pusi. Zizindikiro zimachedwa, nthawi zambiri miyezi iwiri kapena itatu, ndipo zikangoyamba munthu sapulumuka. Katemera wolandira mutangolumidwa ndiye amateteza, ndipo amabayidwa kangapo pa masiku osiyana, choncho malizani onse. Njira yosunga galu masiku 10 n'kumamuyang'anira ngati adwale imagwira pa agalu ndi amphaka. Pa nyama zakutchire siyodalirika, ndiye musadikire. Musakhulupirirenso wogulitsa akakuuzani kuti pusi anabayidwa katemera, chifukwa katemera wa chiwewe wa agalu sanatsimikizidwe kuti amateteza nyama zoterezi. Funsaninso za katemera wa kafumbata.

Uzani adokotala mtundu wa nyamayo, kumene inachokera, tsiku limene munalumidwa ndi ngati yakhala ikudwala. Anthu ena amabisa poopa kumangidwa n'kunena kuti walumidwa ndi mphaka, ndipo akatero amalandira chithandizo chosagwirizana ndi vuto lawo.

Ngati nyamayo ili kale pakhomo panu, ana asaiyandikire, isalowe kukhitchini kapena kuchipinda chogona, ndipo mbale zake zisatsukidwe pamodzi ndi zanu. Sambani m'manja ndi sopo mukaigwira, ndipo khola la mbalame muziliwaza madzi musanasese kuti fumbi lisauluke. Musakaitaye kutchire nokha, chifukwa nyama yokulira m'nyumba sidziwa kudzifunira chakudya ndipo ingakapatsire zinzake matenda a anthu. Dziwitsani a dipatimenti yoona za nyama zakutchire, alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena apolisi, kuti akaitenge anthu odziwa kuigwira ndi kuipima.