Msonkho wa nyumba ndi chiyambi cha funso la yemwe ayenera kulipira

Nyengo ya bajeti ikafika, nkhani m'maminibasi imakhala yomweyo: mphunzitsi amadulidwa msonkho wa PAYE malipiro asanawagwire n'komwe, wogula mayunitsi a foni amakhoma msonkho osadziwa, pamene makampani akuluakulu amakhululukiridwa misonkho ina. Dandauloli ndi lakale kwambiri kuposa bungwe lotolera misonkho la MRA lomwe linayamba ntchito mu 2000.

Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, anafuna ndalama zoyendetsera boma, ndipo pofika 1894 nyumba iliyonse m'madera amene boma linkafikako inkakhoma masheleni 3 pachaka. Johnston yemweyo ndiye anapatsa azungu zikalata za umwini wa malo aakulu ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba. Azunguwo malo anali nawo, koma owalimira analibe.

Apa ndi pamene ndimaona kuti zinthu zinakhota. Mabuku ena amati lamulo la msonkho linasintha mu 1901, ena 1902. Msonkho unakwera kufika pa masheleni 6, koma amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira 3 basi. Mu 1912 unafika pa 8 ndi 4. Choncho munthu wolima mapira ake, wosapempha kanthu kwa aliyense, ankakhoma kawiri poyerekeza ndi mnzake amene wasiya munda wake nthawi yadzinja kukapalira thonje la bwana. Ndipo wosayina kapepala kotsimikiza kuti mwezi wakwana anali bwana yemweyo.

Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ya maekala oposa 160,000, Alomwe ambiri othawa nkhanza za Apwitikizi ankagwira mwezi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Imeneyo ndiyo thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana kumunda. Mwezi wa kumeneko unkatalika monga kapitawo wafunira. Kumidzi nako, wolephera msonkho ankamutenthera nyumba, kapena amesenjala ankagwira mkazi wake n'kumusunga kuboma mpaka mwamuna atabwera ndi ndalama. Sukulu zomwe ana awo ankaphunzirako zinali za mamishoni, osati za msonkhowo.

John Chilembwe wa ku Mbombwe ankaziona izi pakhomo pake penipeni. Mu November 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, analembera nyuzi ya Nyasaland Times kuti kunkhondo kupite anthu olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni malo, osati amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kalatayo. Pa 23 January 1915 anthu ake anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira Magomero, ndipo Chilembwe naye anaphedwa pa 3 February.

Zambiri zimene timawerenga lero analemba ndi okhometsa msonkhowo, n'chifukwa chake ndimaziwerenga mosamala. Komabe ngakhale komiti yawo yofufuza za kuukira kwa Chilembwe inavomereza kuti ku Magomero kunali nkhanza. Kuchotsera msonkho kuja kunatha mu 1921, pamene msonkho wa mutu unapitirira mpaka kubwera kwa ulamuliro wa zipani zambiri.

Nkhani ya mgodi wa Kayelekera ku Karonga itabuka, anthu anafunsanso funso lomwelo. Mu 2015 bungwe la ActionAid linati dziko lino linataya madola 43 miliyoni m'zaka 6, chifukwa boma linatsitsira kampani ya Paladin, eni mgodiwo pa nthawiyo, misonkho, komanso ndalama zina zinkadzera ku Netherlands. Kampaniyo inayankha kuti sinaphwanye lamulo ndipo inaika ndalama zambiri pa mgodi umene sunapindule monga ankayembekezera. Zimenezo n'zomveka, ndipo pangano anasayina ndi boma lathu lomwe, osati atsamunda. Koma ActionAid inawerengera kuti ndalamazo zikanalipira aphunzitsi 39,000 kwa chaka chathunthu, omwe aja amadulidwa PAYE mwezi ndi mwezi.