Mayi akasowa, ndani ankadziwa kumene wapita?

Chithunzi cha mayi amene wasowa chikayamba kuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, malangizo amavumba ngati mvula: musayende usiku, musavale zakutizakuti, musayankhule ndi anthu achilendo. Ife amene timagwira ntchito yothandiza mabanja a anthu osowa timaona kuti ambiri mwa malangizowa amangowonjezera mantha, ndipo ena amafika pomuimba mlandu wosowayo ngati kuti anaziputa dala. Wolakwa ndi amene wachita chiwembu, basi. Komabe pali mafunso atatu amene apolisi amayamba nawo nthawi zonse: anati akupita kuti, akukakumana ndi ndani, ndipo abwera nthawi yanji? Kawirikawiri achibale amangoyang'anana, osayankha.

Pa 28 July 1986, Suzy Lamplugh, mtsikana wa zaka 25 amene ankagwira ntchito yogulitsa nyumba ku London, anachoka ku ofesi masanasana kukaonetsa nyumba kwa kasitomala ku Fulham, dera la mu London momwemo. M'buku la ku ofesi analembamo nthawi, adiresi ndi dzina lakuti Mr Kipper. Sanabwererenso, ndipo mpaka lero thupi lake silinapezeke. Zimene analembazo zinapatsa apolisi poyambira, koma dzinalo panalibe amene ankalidziwa. Chaka chomwecho makolo ake anayambitsa bungwe la Suzy Lamplugh Trust lophunzitsa anthu za chitetezo, makamaka ogwira ntchito ali okha. Nkhani yakeyi imaonetsa kuti dzina lokha silikwanira. Ngati mukukakumana ndi munthu amene simukumudziwa bwino, kaya ndi pa za ntchito, malonda kapena chibwenzi cha pa intaneti, siyani nambala yake ya foni kwa munthu wina, ndi chithunzi chake ngati chilipo. Mukakwera takisi, jambulani nambala ya galimoto n'kuitumiza dalaivala akuona. Woona mtima sadandaula nazo.

Chimene ambiri amaiwala ndi mbali yachiwiri. Kuuza mchemwali wanu kuti "ndatuluka kaye" sikuthandiza ngati iye sakudziwa choti achite mukachedwa. Gwirizanani momveka: "Ikakwana 7 koloko ndisanakuimbire, undiimbire. Ndikapanda kuyankha kawiri, uimbire uje, kenaka apolisi." Pa WhatsApp mungathe kumuonetsa pamene muli kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, ndipo iye amaona kadontho kakuyenda pa mapu. Koma zonsezi zimatha batire ikatha, choncho tchajani foni musananyamuke, ndipo nambala ziwiri muzizisunga m'mutu.

Tsopano mawu amene sakoma kumva. Timakonda kuopa chigawenga chobisala mumdima, koma lipoti la UN Women ndi UNODC, nthambi za bungwe la United Nations zoona za amayi ndi za umbanda, linapeza kuti mwa amayi ndi atsikana pafupifupi 85,000 amene anaphedwa mwadala padziko lonse mu 2023, okwana 51,100 anaphedwa ndi amuna awo, zibwenzi zawo kapena achibale. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mayi akuthetsa banja kapena chibwenzi chankhanza, ndi miyezi yotsatira. Uthenga wakuti "bwera tidzakambirane komaliza" kapena "bwera udzatenge katundu wako" ndi woyenera kuusamala. Musapite nokha, ndipo musalole kusintha malo okumanirana pa mphindi yomaliza kuchoka pagulu kupita kobisika. Komanso ngati munthu ameneyo ankagwira foni yanu, sinthani mapasiwedi n'kuona ngati sakukulondolani kudzera pa foniyo.

Pali chizindikiro cha dzanja chopempha thandizo mwakachetechete chimene bungwe la ku Canada la Canadian Women's Foundation linayambitsa mu 2020: kuonetsa chikhatho, kupinda chala chachikulu mkati, kenaka n'kuchiphimba ndi zala zinayi. Mu November 2021 ku America, mtsikana wa zaka 16 amene anasowa ku North Carolina anachita zimenezi pa windo la galimoto ku Kentucky, dalaivala wina anazindikira n'kuimbira apolisi, ndipo anapulumuka. Chimagwira ntchito pokhapokha woona akuchidziwa, ndiye phunzitsani ana ndi anzanu.

Za kudikira maola 24 musanakanene kupolisi, zimenezo n'za m'mafilimu. Maola oyambirira ndi amene mboni zimakumbukira bwino, ndipo makamera ambiri achitetezo amafufuta okha zithunzi zakale pakapita masiku. Tengani chithunzi chaposachedwa, chosakongoletsedwa ndi mafiluta, fotokozani zovala, zipsera ndi mankhwala amene amamwa. Musabise za chibwenzi, ngongole kapena mkangano wa m'banja poopa manyazi. Nthawi zambiri mpamene pamakhala poyambira. M'chipinda chake musakonzemo, musachape zovala zake, zisiyeni mmene zilili.

Ofufuzawo nawonso amafunika kusamala. Amene akuthandiza kusakasaka aziyenda m'magulu, kukuwala, ndipo pakhale wina wolemba mayina a onse popita ndi pobwera. Mukapeza nsapato, chikwama kapena foni, musagwire. Jambulani, imani pomwepo, itanani apolisi. Pa chithunzi chofalitsa ndi bwino kuika nambala ya apolisi kusiyana ndi ya mayi ake kapena mng'ono wake, chifukwa akathyali amapezerapo mwayi pa banja limene mitima ili m'mwamba. Amaimba kuti "ndamuona, tumizani ndalama ya mayendedwe", kapena "bwerani nokha, musauze apolisi". Lembani nambalayo, nthawi ndi mawu enieni amene wanena, mupereke kwa wapolisi amene akuyendetsa nkhaniyo, ndipo ngati pali kokakumana, apiteko wapolisiyo.