Yisiti wa mandasi uja nayenso amakhala ndi ma prion

Ndikangotchula ma prion anthu amathamangira ku matenda amisala a ng'ombe aja anavuta ku Britain kuyambira 1986, ndiye ndikawauza kuti mtundu wa yisiti womwewu timafufumitsira buledi ndi mandasi nawonso umakhala nawo, nkhope zimasintha. Mtima m'malo, mandasi idyani, puloteni ya yisiti ndi ina kutalitali ndi ya mu ubongo ija ndipo siikugwirani.

Puloteni ili ngati chingwe chachitali chomwe chimayenera kupindika mwa njira yake kuti igwire ntchito. Prion ndi puloteni yopindika mokhota yomwe ikakumana ndi inzake yabwinobwino imaikhotetsanso chimodzimodzi, ngati chikombole, dothi lililonse lolowamo limatuluka njerwa yofanana ndi inzake. Zokhotazo zimamatirirana n'kupanga timizere tolimba totchedwa amyloid. Dzina loti prion analipeka ndi Stanley Prusiner mu 1982.

Koma ku yisiti zachilendozi zinayamba kuoneka dzinalo lisanabadwe. Mu 1965 Brian Cox anapeza khalidwe lina lomwe timalemba kuti [PSI+], ukakwatitsa yisiti wokhala nalo ndi wopanda, ana onse anayi ankalitengera, pomwe zikanakhala za ma jini a masiku onse bwenzi awiri ali nalo awiri alibe. Mu 1971 François Lacroute anapezanso lina lotere, [URE3]. Anthu anakanda mitu zaka zoposa 20 mpaka Reed Wickner mu 1994 anati siyani kufufuza mu DNA, awa ndi ma prion.

Puloteni ya [PSI+] dzina lake ndi Sup35, ndipo ntchito yake ili ngati wapolisi wa pa rodibuloko, makina opanga ma puloteni akamawerenga uthenga n'kufika pa chizindikiro choti imani apa, iyeyu ndi amene amawaimitsa. Tsono apolisiwo akamatirirana mulu umodzi rodibuloko imatsala yopanda munthu, makina ena amangodutsa n'kupanga ma puloteni aatali kuposa muyezo. Mu labu izi timaziona ndi maso, pa mitundu ina ya yisiti timagulu topanda prion timamera tofiira, tokhala naye toyera, DNA yake imodzimodzi osasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Ine pomwe pamandikomera kwambiri ndi pa Hsp104. Iyi ndi puloteni yokonza zinthu mu selo, kukatentha ma puloteni n'kuunjikana ndi imene imabwera kudzawamasula. Ndiye mungaganize kuti ndi mdani wa prion eti? Ayi ndithu. Mu 1995 Yury Chernoff ndi anzake anaonetsa kuti ukaichotsa, [PSI+] imazimiririka. Chifukwa chake imaduladula timizere tija, ndipo kachidutswa kalikonse kamakulanso pakokha ngati phesi la chinangwa, selo ikamagawikana mwana amatengako zidutswa zake basi khalidwe lapitirira. Popanda wodula mulu umangokula mwa mayi, zidzukulu zimatuluka zopanda kanthu. N'chifukwa chake tikafuna kuchiza yisiti timangothira pang'ono mankhwala otchedwa guanidine hydrochloride omwe amagwira manja Hsp104 uja. Chodabwitsanso Hsp104 ikachulukitsa [PSI+] imathanso.

Nanga ndi matenda kapena yisiti amapindula nazo? Apa akuluakulu anatsutsana zaka zambiri. Malemu Susan Lindquist ankati zili ngati kubzala mbewu zosiyanasiyana usakudziwa kuti mvula ibwera bwanji, maselo ochepa amasintha khalidwe mwina iwowo n'kupulumuka zinthu zikathina. Wickner amati bodza, chikanakhala chabwino bwenzi chili mbwee mwa yisiti wa kutchire, koma [PSI+] ndi yosowa kumeneko. Pa [PSI+] ine ndimapendekera kwa Wickner, koma pa Podospora anserina, nkhungu yomera pa ndowe za nyama zodya udzu, palibe mkangano weniweni. Prion yake [Het-s] ili pa ntchito, ulusi wa nkhungu yokhala nayo ukalumikizana ndi wa ina yokhala ndi mtundu wina wa puloteni yomweyo wotchedwa HET-S, maselo a polumikizirapo amafa, mpanda wamangidwa, ndipo akuti izi zimatchinga ma vairasi kuti asawoloke.

Mabakiteriya nawonso analowa m'kaundula mu 2017, pomwe Andy Yuan ndi Ann Hochschild aku Harvard anatenga puloteni yotchedwa Rho ya bakiteriya wa Clostridium botulinum n'kuiika mwa bakiteriya wina wotchedwa E. coli, inakhota, ndipo kukhotako kunapitirira mibadwo yoposa 100.