Opaleshoni Yochepetsa Thupi ndi Chisamaliro Chimene Chimafunika Pambuyo Pake

Munthu akanenepa mpaka mawondo kumalephera kumunyamula, shuga osatsika ngakhale akumwa mankhwala, ndiponso kumabanika akagona, madokotala nthawi zina timalangiza opaleshoni ya chifu. Imeneyi si ija yopopa mafuta pansi pa khungu pofuna kukongoletsa thupi, koma ndi chithandizo cha matenda. Posankha woyenera kuchitidwa timayang'ana BMI, muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Malangizo a mu 1991 a bungwe la National Institutes of Health ku America ankafuna BMI ya 40, kapena 35 ngati pali matenda ena, koma mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoniyi anatsitsa malirewo kufika pa 35, kapena 30 kwa wodwala shuga.

Njira imene ikuchitika kwambiri masiku ano ndi sleeve gastrectomy. Dokotala amaboola timabowo pamimba, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo, kenako amadula ndi kuchotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a chifu, moti chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo ndi imenenso imapanga kwambiri ghrelin, chinthu chimene chimauza ubongo kuti munthu ali ndi njala, n'chifukwa chake ambiri amadabwa kuona kuti chilakolako cha chakudya chazilala. Vuto la njirayi n'lakuti ikhoza kukulitsa chilungulira, ndipo chifu chikachotsedwa sichibwezeretsedwa.

Njira ina ndi gastric bypass, imene dokotala Edward Mason anayamba kuichita ku Iowa, ku America, m'zaka za m'ma 1960. Kumtunda kwa chifu amapangako kathumba kokula ngati dzira n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, motero chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo. Kwa odwala shuga ambiri, shuga amatsika m'masiku ochepa thupi lisanayambe n'komwe kuchepa. Njira yomanga chifu ndi lamba inatchuka kale, koma ikusiyidwa chifukwa ambiri ankafunika kubwereranso kuti lambalo lichotsedwe.

Kudulako kumatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo m'kuona kwanga ndi mbali yopepuka ya nkhani yonseyi. Milungu yoyambirira wodwala amangomwa zamadzimadzi pang'onopang'ono, kenako zophwanyaphwanya, ndipo chakudya cholimba amachiyamba patapita mwezi kapena kuposerapo. Ayenera kuphunzira kutafuna mofatsa ndi kusamwa madzi pamene akudya. Amene anachitidwa bypass akadya zotsekemera kwambiri akhoza kutuluka thukuta, mtima kugunda mothamanga, kuchita chizungulire ndi kutsegula m'mimba patangopita mphindi zochepa. Popeza thupi silitenganso bwino vitamini B12, ayironi ndi kashiamu, amamwa mavitamini ndi kuyezetsa magazi moyo wake wonse. Akasiya, magazi amachepa, mafupa amafooka, ndipo dzanzi la m'mapazi likhoza kukhala losatha. Fodya ndi mankhwala opha ululu monga ibuprofen zimayambitsa zilonda pamalo olumikizidwawo, mowa umaledzeretsa msanga kuposa kale, ndipo amayi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati.

Za m'maganizo n'zimene zimaiwalika kawirikawiri. Munthu amene ankadya kuti aiwale nkhawa amapezeka kuti chomutonthozacho chamuthawa, tsitsi likuthothoka m'miyezi yoyambirira, khungu lalendewera, ndipo anzake akumunena kuti wasankha njira yachidule. Apa m'pofunika katswiri wa kadyedwe, mlangizi wa zamaganizo ndi gulu la ena amene anadutsamo. Ena thupi limabwereranso patapita zaka zingapo, n'kuchita manyazi kubwerera kuchipatala pa nthawi imene akufunikira thandizo kwambiri. Ine ndimakonda kuti wapabanja amene amaphika pakhomo abwere nawo pokambirana opaleshoni isanachitike, kuti akadzaona wodwala wasiya mbale atangodya masupuni anayi, asadzamukakamize kuti amalize.