Ng'ona za ku paki sizikufa ndi njala

Pali mawu akuyenda pa WhatsApp kuno ku Chipata akuti osamalira ng'ona m'mapaki amazimana chakudya, poti alendo amazipeza zitangogona, kukamwa kuli yasa. Zabodza zimenezo.

Thupi la ng'ona silidzitenthetsa lokha ngati lathu, limadalira dzuwa, ndiye silifuna chakudya chambiri. Yaikulu amaiponyera nkhuku kapena nsomba kamodzi kapena kawiri pa sabata, basi. Mu Juni ndi Julayi kukazizira, imatha kukana nyama, chifukwa m'mimba mozizira chakudya chimangowola osagayika. Kuyasamulako n'kudziziziritsa. Za mumtsinje wa Luangwa ku Mfuwe zimateronso, ndipo palibe amene amazimana nsomba kumeneko.

Chimene osamalira amaopa kwenikweni ndi kuinenepetsa, pakuti ng'ona yonenepa kwambiri imadwala.