Ana athu a karate kuno ku Harare, sabata yomaliza musadzivulaze nokha

Uthengawu ndi wa anyamata ndi atsikana amene mukuchita karate, taekwondo kaya judo ku Mbare, Highfield, Epworth, Mufakose uko, ndi inu makolo amene mumagula gi (chovala cha masewerawa) nkumaperekanso ya kombi. Tonse timamudziwa Samson Muripo yemwe anakapambana mpikisano wa dziko lonse wa karate ya mtundu wa Kyokushin ku Osaka, ku Japan, mu 2009, ndiye mwana naye amafuna zimenezo lero lomwe, koma zomwe ena amachita masiku 7 omaliza mpikisano usanafike zimawagwetsa asanaponde nkomwe pa mati.

Tiyambe ndi sikelo chifukwa apa mpamene pali vuto lalikulu. Pa kumite, ndiye kumenyana kwa awiriawiri, anthu amagawidwa potengera kulemera, ndiye mwana akaona kuti wapyola ndi makilo awiri amayamba zachilendo, kuvala pulasitiki wa zinyalala mkati mwa juzi nkumathamanga dzuwa lili paliwombo, kulavulira m'botolo tsiku lonse osamwa madzi, ena mpaka kuba mapilisi okodzetsa aja agogo amamwa a BP. Abale, chomwe chikuchoka pamenepo si mafuta ayi, ndi madzi. Madzi akachepa mtima umathamanga, minofu imakokana, mutu umazungulira, impso zimavutika, ndipo kotentha ngati mu October muno munthu atha kungogwa. Mapilisi okodzetsawo ndi oletsedwanso ndi a WADA, bungwe la dziko lonse loletsa mankhwala achinyengo pa masewera. Ngati mwapyola kawuzeni a sensei, aphunzitsi anu, akulembeni gulu lapamwamba basi, makamaka amene simunakwane zaka 18, thupi lanu likukulabe.

Kuti mudziwe ngati madzi akukwana onani mkodzo. Ukakhala wodera ngati tiyi wopanda mkaka ndiye mwachepetsa. Koma madzinso akhale abwino, owiritsa kapena othira mankhwala, aliyense ndi botolo lake, paja kolera ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro sitinayiiwale. Amene watsegula m'mimba sabata imeneyi amwe ORS, mankhwala osungunula obwezera madzi m'thupi, ikasowa sungunulani timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo za mpikisano ayambe wasiya kaye.

Kata yatsopano (ndondomeko ya mayendedwe yomwe munthu amaonetsa ali yekha) siphunziridwa kutatsala masiku atatu. Sabata yomaliza chepetsani zolimbitsa thupi, bwerezani zomwe mukudziwa kale, mugone maola 8 mpaka 10, foni ikhale patali. Dulani zikhadabo, chapani gi, ndipo amene ali ndi zipere alandire kaye mankhwala chifukwa zimafala pokhudzana ndi pa mati pomwe. Wa mphumu asaiwale kapampu kake, wa khunyu kapena vuto la mtima aonane ndi adokotala asanalembetse.

Tsikulo idyani nsima kaya mpunga kutatsala maola 3 kapena 4, ndiwo zosachuluka mafuta, kenako nthochi ikukwana. Zakumwa zamchitini zoti zimapatsa mphamvu zija zadzaza kafeini, zimangowonjezera kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera. Za mankhwala ozunguza bongo monga bronco ndi mutoriro zoti zimachotsa mantha ndi bodza la pa kona, musayerekeze. Musanalowe tenthetsani thupi mphindi 10 mpaka 15 mpaka katukuta kaoneke, kukankha mwendo m'mwamba thupi lili lozizira ndiko kumang'amba minofu yakuseri kwa ntchafu.

Tsono mantha. Mwakhala pa benchi dzina lanu latsala pang'ono kuitanidwa, m'manja mwanyowa, kukamwa gwaa, mkodzo ukubwera kachitatu. Simukudwala, ndi adrenaline, michere yomwe thupi limatulutsa likamakonzeka, ngakhale a lamba wakuda zimawachitikira. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ifufume, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6, kasanu kaya kakhumi. Kenako tsinzinani muyende kata yonse m'mutu, kuyambira powerama paja mpaka pa kiai, mfuu ija. Izi ziyambeni kunyumba sabata isanathe kuti tsikulo zisakhale zachilendo. Inu makolo mawu oti usatichititse manyazi asiyeni kunyumba, mwana ali kale ndi katundu wokwana. Koma ngati sakugona masiku angapo, sakudya, akungolira, khalani naye pansi, mwina sanafune nkomwe kulowa.

Chotchingira mano chivalidwe nthawi zonse pa kumite. Ndipo wina akamenyedwa m'mutu kapena kugwa chagada, sizilira kuti akomoke kuti ubongo ugwedezeke. Akamati mutu ukuwawa, akuona zinthu ziwiriziwiri, akudzandira, akufunsa funso lomwelomwelo, atuluke pompo ndipo tsiku limenelo asabwererenso, kaya alire kaya atsogola ndi mapointi. Kumenyedwa kachiwiri ubongo usanachire nkoopsa kuposa koyamba. Musamusiye yekha usiku umenewo, ndipo mawa lake akaonedwe ku kiliniki. Akayamba kusanza mobwereza, kugona kosadzutsika, kukomoka, kugwedezeka ngati khunyu, kapena dzanja ndi mwendo kufooka, thamangani naye ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe nthawi yomweyo. Akadandaula khosi musamunyamule chinyamulenyamule, mugwireni mutu usagwedezeke mpaka achipatala afike.