Madzi a Chivero: mlandu wa mchenga wa amayi kapena wa mapaipi a khonsolo?

Mu Disembala 2024 bungwe loyang'anira nyama zakutchire ku Zimbabwe la ZimParks linalengeza kuti zipembere zoyera zinayi zafa zitamwa madzi a m'nyanja ya Chivero, imene mzinda wa Harare umatungako madzi akumwa. Mbidzi, nyumbu ndi nsomba zambirimbiri zinafanso, ndipo kusodza m'nyanjamo kunaletsedwa. Chinapha nyamazi ndi ndere yapoizoni imene imachuluka msanga pamadzi olowa zonyansa za m'zimbudzi. Nkhaniyi itamveka, mkangano wakale unadzukanso m'malokeshoni. A khonsolo akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mapaipi a suweji amatsekeka chifukwa cha mchenga umene amayi amakwechera mapoto, matewera otaya ndi nsanza. Anthu a ku Mufakose, Mbare ndi Glen View amayankha kuti bilu ya madzi imabwera mwezi ndi mwezi, koma pampopi pamatuluka mphepo, apo ayi madzi onunkha.

Kuti timvetse mlanduwu tiyambe ndi malo amene nyanjayi inaikidwa. Damu linatha kumangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, umene azungu ankautcha Hunyani, ndipo linapatsidwa dzina la Lake McIlwaine. Mzinda uli kumtunda, nyanja ili kumunsi. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imadutsa m'mafakitale ndi m'malokeshoni n'kukathira m'nyanja momwemo, kenako makina a ku Morton Jaffray amatunga madziwo, kuwayeretsa ndi kuwabwezera kumtunda. Chimene mwathira m'sinki ku Highfield chimakubwererani pampopi. Zaka zomanga damuzo inali nthawi yomweyo imene agogo athu ankafika kuchokera ku Nyasaland, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere onyamula ofuna ntchito mwaulere, kudzagwira ntchito m'nyumba za azungu, m'mafakitale ndi kukhonsolo komweko.

Sipanapite zaka zambiri nyanja inayamba kudwala. Namasupuni anaphimba madzi, akuluakulu n'kumuwaza mankhwala ophera zomera a 2,4-D, m'madzi omwewo amene anthu ankamwa. Pofika m'zaka za m'ma 1960 ndere inali itachuluka, chifukwa madzi ochokera kumalo oyeretsera suweji ankangotayidwa m'mitsinje ali ndi fosifeti ndi naitirojeni wambiri. Zinthu ziwirizi ndi chakudya cha zomera, ndiye chifukwa chake zimapezeka mu feteleza.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti Chivero sinachirepo. Inachira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 khonsolo inasiya kutayira madzi a suweji m'mitsinje. Inayamba kuwapopera kumafamu a mzinda pafupi ndi malo oyeretsera suweji a Firle ndi Crowborough, kukathirira msipu wa ng'ombe. Udzu unkamwa fosifeti uja, nthaka n'kusefa zotsalazo, madzi n'kufika kumtsinje atapepukako. Pambuyo pake anamanga makina atsopano ogwiritsa ntchito tizilombo tating'onoting'ono pochotsa fosifeti ndi naitirojeni madzi asanatuluke. Akatswiri a payunivesite amene ankayeza madziwo chaka ndi chaka anapeza kuti fosifeti watsika kwambiri pofika kumapeto kwa zaka khumizo. Amayi a nthawi imeneyo ankakwechanso mapoto ndi mchenga, ankachapanso ndi sopo. Chinasintha ndi makina, mapampu ndi anthu owasamalira.

Koma nkhani imeneyi ili ndi mbali ina imene oyamikira nthawi ya atsamunda amaidumpha. Mzinda unali waung'ono chifukwa malamulo a ziphaso ankatsekereza anthu akuda kunja. Mbare inamangidwira makamaka amuna obwera okha kudzagwira ntchito, ndipo mapaipi ake anayezedwa motero. Ufulu utabwera mu 1980 mabanja anasonkhana, Chitungwiza inakula, ndipo zonyansa zake zinkatsikira ku Manyame kudzera mu mtsinje wa Nyatsime. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare. Mu 1996 nsomba zinafa zochuluka pa Chivero, ndipo Pulofesa Christopher Magadza ndi anzake anachenjeza kuti nyanja yabwerera m'matenda ake.

Kenako kunabwera zaka zimene palibe banja la kuno limaziiwala. Mu 2005 boma linalanda ntchito ya madzi m'manja mwa khonsolo n'kuipereka ku ZINWA, bungwe la boma loyang'anira madzi. Ndalama ya dziko inali ikutha mphamvu tsiku ndi tsiku, amisiri ankathawira ku Joni ndi ku Botswana, mapampu akawonongeka ankangokhala choncho. Kolera inabuka ku Chitungwiza mu Ogasiti 2008, n'kuyanja kwambiri Budiriro. Kumayambiriro kwa Disembala chaka chimenecho madzi anatsekedwa mumzinda chifukwa mankhwala oyeretsera anali atatha. Bungwe la WHO linawerenga odwala oposa 98,000 ndi omwalira oposa 4,000 m'dziko lonse, ndipo amenewa ndi okhawo amene analembedwa. Mu 2009 madzi anabwezedwa kukhonsolo. A khonsolo amati analandira makina ofa, a boma amati khonsolo inalephera kale isanalandidwe. Onse awiri ali ndi umboni wake, ndipo ndale zalowerera kwambiri moti mawu a mbali iliyonse ndi ofunika kuwamva mosamala.

Zotsatira zake tizidutsa mwachangu. Mu 2013 panabwera ngongole ya madola 144 miliyoni yochokera ku China yokonzera Morton Jaffray. Mu 2018 kolera inabweranso ku Glen View ndi Budiriro, ndipo ulendo uno inapezeka m'mijigo imene anthu ankaidalira. Mu Seputembala 2019 Morton Jaffray inatsekedwanso chifukwa cha kusowa kwa mankhwala.

Tsono za mchenga zija ndi zabodza? Ayi. Mchenga umakhazikika pansi pa paipi, thewera lotaya silisungunuka, mafuta ophikira amaundana akazizira. Banja limene limakwecha mapoto ndi phulusa, kutsukira panja ndi kuthira madziwo pa mbewu zapakhomo likuthandizadi, ndipo sopo waufa wothira pang'ono amachepetsa fosifeti wopita kunyanja. Mabungwe a anthu okhala mumzinda monga Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust akhala akuloza kwina: suweji yosayeretsedwa imene imasefukira m'mitsinje makina akaima. Ine ndikaika zinthu ziwirizi pamodzi, kulemera kwake sikufanana. Komanso tifunse chifukwa chake poto amada chonchi. Magetsi akazima tsiku lonse mayi amaphikira nkhuni. Ku Mabvuku ndi Tafara, kumene kuli abale athu ambiri, nyumba zina zatha zaka pampopi posatuluka kanthu. Mayi wotunga madzi ndi chigubu pamjigo ukamuuza kuti abwerere ku matewera ansalu, achapira chiyani?

Pali chinthu chimodzi chimene makolo ayenera kuchidziwa. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha tizilombo ta kolera, ndipo tisasiye. Koma kuwiritsa sikuchotsa poizoni wa ndere ija. Ameneyo amafunika kuchotsedwa kumalo oyeretsera, madzi asanafike pakhomo.

Mlandu womwewu ukuonekanso pa madambo, amene ndi sefa ya mzinda. Chaka ndi chaka olima chimanga ndi mbatata m'madambo amadzudzulidwa, nthawi zina mbewu zawo n'kutchetchedwa. Kulima m'mphepete mwa mtsinje ndi feteleza kumawonongadi. Komatu mu 2013, chaka chimene dambo la Monavale ndi nyanja ya Chivero zinalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa ndi pangano la mayiko la Ramsar, misika ya Long Cheng Plaza inali ikuimirira pa dambo pafupi ndi National Sports Stadium, ndipo madambo ena akhala akugawidwa mapuloti kuyambira pamenepo.